"Palibe sistema": ndani amayesa makinawa asadafike pa Zóbuè?

Munthu aliyense amene adaimapo pamzere kubanki ku Moatize, kapena kudikira mapepala a katundu pachipata cha Zóbuè, amawadziwa mawu awiri amene amatseka nkhani yonse: "Palibe sistema." Kalaliki akatero amapinda manja, ndipo wapaulendo amayamba kusanthula m'thumba kuti aone ngati ndalama zatsalazo zikwanira nsima ndi malo ogona.

M'bairro la Bagamoyo, lomwe lagundizana ndi mgodi wa malasha, mabanja ambiri amadyera mumgodimo kapena mumsewu wa N7 wopita ku Malawi. Ena ndi madalaivala a magalimoto akuluakulu, ena amaphikira madalaivalawo, ena amadikira malipiro a pamwezi kuchokera kumakampani ogwira ntchito mumgodi, pomwe ena ali ndi timaokala ta M-Pesa ndi e-Mola. Ambiri mwa iwo sadakhalepo pa kompyuta ya muofesi, komabe ufa wa m'nyumba mwawo umadutsa m'makompyuta a makampani, a mabanki ndi a boma usadafike mumphika.

Sistema imagwa pa zifukwa zosiyanasiyana. Nthawi zina ndi magetsi, nthawi zina ndi netiweki, makamaka dzinja likafika ndi ziphaliwali zake. Koma pali chifukwa china chimene anthu apamzere sachiona. Wina wake kutali, ku Maputo, ku Johannesburg kapena ku Ulaya, wasintha kanthu kakang'ono mupologalamu, ndipo kusinthako kwathyola chinthu china chimene dzulo chimayenda bwinobwino. Pofuna kupewa ngozi yotereyi makampani amalemba anthu ntchito yoyesa mapologalamu, ndipo masiku ano gawo lalikulu la ntchitoyi limagwiridwa ndi mapologalamu ena amene amayesa anzawo okha, usiku ndi usana. Mayeso amene akukhudza kwambiri anthu a kuno ndi amene pa Chingerezi amati end-to-end testing, kutanthauza kuyesa ulendo wonse kuchokera koyambira mpaka kumathero.

Ulendo wa thumba la feteleza

Kuti nkhaniyi imveke ndi bwino kulondola katundu mmodzi, monga matumba a feteleza amene atsika m'sitima padoko la Beira ndipo akupita ku Blantyre. Kampani yoitanitsa fetelezayo imalemba oda yake mupologalamu yoyendetsera bizinesi, monga SAP ya ku Germany kapena Primavera ya ku Portugal, yomwe maofesi ambiri m'dziko muno amaidziwa. Pologalamu yotere imasunga zonse pamodzi: katundu wa m'nkhokwe, ngongole, malipiro a antchito ndi misonkho.

Kenaka despachante, munthu wolongosola mapepala a kasitomu, amalowetsa katunduyo mu Janela Única Electrónica, njira ya pakompyuta imene boma lidakhazikitsa mu 2011 kudzera mukampani ya MCNet kuti mapepala onse azidutsira pazenera limodzi. Popeza fetelezayo akungodutsa m'dziko muno, pamafunika chikole chotsimikizira kuti sagulitsidwa m'njira popanda msonkho, ndiye kuti banki kapena kampani ya inshuwalansi nayo yalowa m'nkhaniyo. Doko limatulutsa katundu pokhapokha likaona kuti a kasitomu alola.

Galimoto imanyamuka kudzera pa Inchope, Chimoio, Catandica ndi Changara, kuoloka mtsinje wa Zambezi pa Tete, kudutsa Moatize, n'kukwera zitunda mpaka pa Zóbuè. Pamenepo wa kasitomu ayenera kuipeza galimotoyo mukompyuta yake, nambala yake ndi katundu wake zikufanana ndi zomwe zidalembedwa ku Beira, kuti atseke ulendowo ndipo chikole chija chimasulidwe. Ikangofika ku Mwanza nkhani imayambiranso m'makina ena otchedwa ASYCUDA World, amene adapangidwa ndi nthambi ya United Nations ya UNCTAD ndipo bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority limawagwiritsa ntchito.

Apa ndiye kuti thumba limodzi la feteleza ladutsa m'makina 5 kapena 6, opangidwa ndi anthu osadziwana, olankhula zinenero zosiyana. Aliyense wa iwo angathe kulumbira kuti makina ake ali bwino, ndipo mwina akunena zoona. Komatu denga limadonthera pamene malata akumana. Ku Tete munthu akalemba 1.500 amatanthauza chikwi chimodzi ndi mazana asanu, chifukwa Chipwitikizi chimaika kadontho pamene Chingerezi chimaika kampumiro. Kompyuta ya ku Blantyre ikalandira nambala yomweyo popanda kuuzidwa ingathe kuiwerenga ngati chimodzi ndi theka. Maina nawo ali ndi msampha wake. Dzina la Zóbuè lili ndi tizizindikiro tiwiri pamwamba, João ndi Conceição ali ndi tawo, ndipo kutsidya kwa malire ena amalemba Malaŵi ndi kadenga pa w. Pologalamu imene sidaphunzitsidwe zilembo zimenezi imazisandutsa zinyalala, mwakuti dzina la pagalasi la kompyuta limasiyana ndi la papasipoti. Dalaivala angathe kugona pachipata kaamba ka kachizindikiro kamene iye sadakalembe n'komwe.

Anthu a ku Moatize safuna kuphunzitsidwa zambiri pa mfundo imeneyi chifukwa njanji ali nayo pakhomo. Njanji yonyamula malasha kuchokera kuno, kudutsa m'dziko la Malawi mpaka kudoko la Nacala-à-Velha, ndi yotalika makilomita 912. Chitsulo chilichonse cha njanjiyo chingathe kuyesedwa kufakitale n'kupezeka cholimba, mlatho uliwonse n'kuvomerezedwa ndi akatswiri, koma palibe angaike ngolo zodzaza malasha panjanjipo sitima isadayambe yayendapo kuchokera ku Moatize mpaka kunyanja. Kuyesa ulendo wonse pa kompyuta ndi sitima yoyamba imeneyo.

Woyesa wosagona

Mayesowa sachitikira m'makina enieni amene muli ndalama za anthu. Kampani imakonza makina ena ofanana nawo, n'kudzazamo katundu wongopeka, makasitomala ongopeka ndi ndalama zosagula kanthu. Woyesa amalemba ndondomeko ya ulendo sitepe ndi sitepe: lowa ndi dzina lakuti, lemba oda ya matumba 600, tumiza kwa bwana kuti avomereze, tulutsa invoisi, lipira, kenaka uone ngati m'nkhokwe mwachepa matumba 600 ndiponso ngati buku la misonkho lalandira ndalama yoyenera. Pa sitepe iliyonse amalemberatu yankho limene likuyembekezeka. Yankho likasiyana, ngakhale ndi sentavo imodzi, mayeso alephera.

Kale zonsezi amachita munthu ndi manja, pepala lili pambali. Vuto ndi lakuti munthu amatopa. Akabwereza ulendo womwewo kakhumi maso amayamba kuona zimene akufuna kuona, ndipo Lachisanu madzulo amalumpha masitepe ena. Ndipo kampani yaikulu ili ndi maulendo otere mazanamazana, amene ayenera kubwerezedwa nthawi iliyonse pologalamu ikasinthidwa. N'chifukwa chake ndondomeko ija amaipereka kwa pologalamu ina imene imatsanzira munthu. Imatsegula tsamba, kulemba m'mabokosi, kudina mabatani ndi kuwerenga zimene zatuluka, monga momwe kalaliki akadachitira, koma mwaliwiro ndiponso mosanyinyirika. Ena amaitcha loboti, ngakhale ilibe manja kapena miyendo.

Chida chodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi Selenium, chimene adachiyamba Jason Huggins mu 2004 akugwira ntchito kukampani ya ThoughtWorks mumzinda wa Chicago, ndipo aliyense angathe kuchitenga kwaulere. Kampani ya Microsoft idatulutsa china chotchedwa Playwright mu 2020, pomwe makampani ambiri ogwiritsa ntchito SAP amagula Tosca ya kampani ya Tricentis, imene idayambira ku Austria. Antchito akaweruka loboti imayamba maulendo ake, ndipo m'mawa amapeza mndandanda. Maulendo amene afika ali obiriwira, amene athera panjira ali ofiira. Lamulo la pantchito yabwino ndi lakuti chofiira chikakhalapo, pologalamu yatsopanoyo sipita kwa anthu.

Phindu la zimenezi limaoneka bwino boma likasintha lamulo. Pa 1 Januwale 2023 msonkho wa IVA m'dziko muno udatsika kuchoka pa 17 kufika pa 16 peresenti. Kusintha nambala imodzi kumaoneka kopepuka, koma nambalayo imakhala m'malo ambiri: painvoisi, pamakina a m'sitolo, m'buku la ngongole, m'lipoti lopita kwa a misonkho. Nanga katundu amene adagulidwa mu Disembala n'kubwezedwa mu Januwale, abwezeredwe pa 17 kapena pa 16? Funso lotere ndi limene limaphonyeka. Akuluakulu akukumbukira za 1 Julayi 2006 pamene metical idachotsedwa maziro atatu, 1000 yakale n'kukhala imodzi yatsopano. Pologalamu imene ikadaiwala kugawa pamalo amodzi okha ikadapatsa wantchito malipiro a moyo wake wonse, kapena kumulemba ngongole yoti zidzukulu zake zidzamalize.

Ulendo wonse sukhala wa makina okha ayi. Mu 2013, pamene gawo la Janela Única loona za katundu wongodutsa lidayamba kugwira ntchito, magalimoto adaima masiku ambiri ku Beira ndi m'zipata za m'malire, ndipo eni magalimoto a m'maiko oyandikana nafe adadandaula kwambiri. Nkhani ya chikole ndi kusazolowera njira yatsopanoyo zidali pakati pa madandaulowo. Pologalamu ingathe kuchita ndendende zimene idalembedwa, koma ngati banki, despachante ndi wa kasitomu wapachipata sadayendepo ulendowo pamodzi tsiku lenileni lisadafike, ndiye kuti mayeso oyamba akuchitikira pamsana pa dalaivala.

Za ku Britain ndi ku Lilongwe

Asaganize wina kuti mavutowa ndi a maiko osauka okha. Mu Epulo 2018 banki ya TSB ya ku Britain idasamutsa makasitomala ake oposa 5 miliyoni kupita nawo m'makina atsopano m'masiku awiri a kumapeto kwa sabata. Lolemba lisadafike zinthu zidali zitasokonekera kale. Anthu pafupifupi 1.9 miliyoni adalephera kulowa m'maakaunti awo, ena adaona ndalama za anthu ena pagalasi lawo, ndipo akuba adapezerapo mpata. Vutoli lidatenga miyezi kuti lithe. Mkulu wa bankiyo, Paul Pester, adatula pansi udindo mu Sepitembala chaka chomwecho, bankiyo idataya mapaundi pafupifupi 330 miliyoni, ndipo mu Disembala 2022 idalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 48.65 miliyoni.

Maloya a kampani ya Slaughter and May atafufuza adatulutsa lipoti mu Novembala 2019. Mwa zina adapeza kuti makina atsopanowo adali m'nyumba ziwiri zimene zidayenera kugwira ntchito mogwirizana, koma mayeso ena ofunika adachitikira m'nyumba imodzi yokha. Nyumba ziwirizo zimayenera kukhala zofanana, koma sizidafanane. Mayeso adachitika ndithu, mapepala adasainidwa, koma sitima idayenda theka la njanji.

Pafupi pompa, ku Malawi, nkhani ya Cashgate idaonetsa mbali ina. Mu 2013 zidaululika kuti anthu ena m'boma ku Lilongwe amalowetsa m'makina a za chuma otchedwa IFMIS malipiro a makampani amene sadagwire ntchito iliyonse, macheke n'kutuluka, kenaka n'kufufuta zolembedwazo. Akatswiri owerengera ndalama a Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi 6 yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala 2013. Kuba kudali kwa anthu, osati kwa kompyuta, ndipo palibe loboti ingaletse munthu kubwereketsa mnzake nambala yake yachinsinsi. Komabe woyesa wochenjera safunsa zokhazo zimene makina ayenera kulola. Amayesanso zimene ayenera kukana. Kodi munthu mmodzi angathe kulemba malipiro n'kudzivomereza yekha? Kodi cheke chikatuluka, mzere wake ungafufutidwe osasiya phazi? Ulendo wa mbala nawo ndi ulendo, ndipo uyenera kulembedwa m'ndondomeko kuti loboti iziuyenda usiku uliwonse n'kumapeza chitseko chotseka.

Koma nkhani imene iyenera kuwasowetsa tulo anthu okhala pakauntala ndi ya positi ofesi ya ku Britain komweko. Kuyambira 1999 mapositi ang'onoang'ono a m'dzikomo adapatsidwa makina owerengera ndalama otchedwa Horizon, opangidwa ndi kampani ya Fujitsu. Makinawo nthawi zina amaonetsa kuti ndalama zaperewera pomwe palibe adatenga kanthu. Eni mapositiwo atadandaula adauzidwa kuti makina salakwa. Pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 adaimbidwa milandu ya kuba ndi chinyengo. Ena adalowa m'ndende, ena adagulitsa nyumba zawo kuti abweze ndalama zimene sadabe, ndipo ena adadzipha. Mu Disembala 2019 woweruza wa khoti lalikulu, Justice Fraser, adagamula kuti m'makinawo mudali zolakwika zimene zikadatha kubweretsa kuperewerako, pamlandu umene gulu lotsogozedwa ndi Alan Bates lidasuma. Nyumba ya malamulo idachita kukhazikitsa lamulo lapadera mu 2024 lofafaniza milanduyo.

Mtsikana wogulitsa musitolo ku Moatize kapena mnyamata wa okala ya M-Pesa ku Bagamoyo sasiyana kwenikweni ndi anthu amenewa. Madzulo ndalama za m'kabati zikasiyana ndi za pagalasi, bwana amayang'ana munthu, sayang'ana makina. Munthu ndiye ali pafupi, ndipo malipiro ake ndi osavuta kudula. Cholakwa chimene sichidagwidwe pa mayeso sichisowa ayi, chimangopeza wochisenza, ndipo kawirikawiri amakhala wolandira ndalama zochepa kuposa onse.

Zimene loboti siidziwa

Ogulitsa zida zoyesera amakonda kunena ngati loboti imathetsa zonse, zomwe sizoona. Mayeso a ulendo wonse ndi odula kulemba ndiponso ochedwa kuyenda poyerekeza ndi mayeso a tizigawo ting'onoting'ono. Amathyokanso msanga. Opanga pologalamu akangosuntha batani kapena kusintha dzina la bokosi, loboti imasochera n'kunena kuti zalakwika pomwe zili bwino. Zikachitika kawirikawiri antchito amazolowera kuona zofiira n'kumazinyalanyaza, monga momwe mudzi umazolowerera galu wouwa mwezi. Ena amangozimitsa mayeso ovutawo kuti mndandanda ubiriwire bwana asadafike. Pamenepo ndiye pa chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amalangiza kuti mayeso ang'onoang'ono achuluke, ndipo a ulendo wonse akhale ochepa koma osankhidwa bwino, okhudza njira zimene zikaduka anthu amavutika: malipiro a antchito, misonkho, kutulutsa katundu.

Chachikulu ndi chakuti loboti imafunsa mafunso okhawo amene munthu adailembera. Wolembayo akakhala muofesi yozizira ku Lisboa kapena ku Bangalore, adzalemba ulendo wa galimoto imene imanyamuka bwino, n'kufika bwino, netiweki ili ponseponse. Ulendo wa mumsewu wa N7 sukhala wotero. Mutu wa galimoto umafa pa Changara, kampani n'kutumiza wina, ndipo ngolo yomweyo imafika pa Zóbuè ikukokedwa ndi nambala imene ku Beira sidalembedwe. Dalaivala amadwala malungo pa Tete, mnzake n'kupitiriza ulendo ndi pasipoti ina. Ndalama imachoka pafoni nthawi ya 23:58 tsiku lomaliza la mwezi, netiweki n'kuduka, uthenga wotsimikizira n'kufika mwezi wina. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi idagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, katundu wambiri ali m'njira. Kodi makina awerengere msonkho pa mtengo wa tsiku lolemba mapepala kapena wa tsiku lolipira? Lamulo lili ndi yankho lake, koma wina ayenera kukumbukira kufunsa ngati makinawo akulidziwa.

Amene amadziwa mafunso otere ndi despachante wa pa Zóbuè, kalaliki wa malipiro kumgodi, wosunga nkhokwe ndi ajenti wa ndalama za pafoni, chifukwa ndiwo amakumana nawo maso ndi maso. Chodandaulitsa ndi chakuti anthu amenewa kawirikawiri amaitanidwa pologalamu itatha kale, kuti akaphunzitsidwe kudina, pomwe akadayenera kuitanidwa poyamba kuti anene kumene msewu uli ndi maenje. Makampani ena ali ndi gawo la mayeso limene ogwiritsa ntchito enieni amayesa okha asadavomereze, koma tsiku lotsegulira likayandikira gawo limeneli ndilo limayamba kufupikitsidwa.

Ntchito yoyesayi siifuna kuti munthu akhale ku Maputo. Imafuna kompyuta, intaneti, kuleza mtima ndi mtima wokayikira. Sukulu ya ukachenjede ya Instituto Superior Politécnico de Tete imaphunzitsa za migodi komanso za makompyuta, ndipo Selenium ndi Playwright sizigulidwa. Wachinyamata wa ku Moatize ali ndi china chimene mlendo alibe: amawerenga Chipwitikizi cha pamapepala a ku Beira, amamva Chingerezi cha pamapepala a ku Mwanza, ndipo angathe kukhala pansi ndi dalaivala pa Zóbuè n'kumufunsa m'Chichewa kapena m'Chinyungwe kuti mapepala ake adakanidwa pati, tsiku liti, ndipo galasi la kompyuta lidalemba chiyani. Yankho lililonse la dalaivalayo lingathe kulembedwa ngati ulendo wina woti loboti iziyenda.

Kampani ya kuno imene ikugula pologalamu yatsopano, kaya ndi ya magalimoto 10 kapena sitolo ya zipangizo zomangira, ili ndi ufulu wofunsa wogulitsayo kuti aonetse mndandanda wa maulendo amene adayesedwa. Ingathenso kupereka maulendo ake, olembedwa ndi antchito ake, n'kuika m'pangano kuti ndalama yomaliza idzalipidwa onsewo akabiriwira, ndiponso kuti adzabwerezedwa nthawi iliyonse pologalamuyo ikasinthidwa. Pamndandanda umenewo pasalephere kukhala invoisi ya 1.500,00 MT yopita kwa kasitomala wa ku Blantyre amene m'dzina lake muli ŵ.